Mtsikana akavula jezi, apeze mpando mu ofesi ya zamasewero

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndimakhala kuno ku Dedza, ndipo pa zaka zonse za uphunzitsi wanga sindinkasiyana ndi masewero a ana. N'chifukwa chake nyuzipepala yanu ndimaiyambira kumbuyo, ku tsamba la masewero. Masiku ano tsambalo limandisangalatsa poti maina a ana aakazi achulukapo. Temwa Chawinga adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, n'kusankhidwa kukhala wosewera woposa onse chaka chimenecho. Mkulu wake Tabitha wavalapo jezi za Inter Milan, PSG ndi Lyon. Ma Scorchers adabwera ndi chikho cha COSAFA mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1. Ma Queens, timu yathu ya ntchemberembaye, adagwetsa New Zealand 57-53 ku Gold Coast mu 2018, ndipo Mwai Kumwenda adasankhidwa kukhala katswiri wa mpikisano wonse wa dziko lapansi ku Sydney mu 2015. Ife amene tidayamba ntchito nthawi ija mtsikana akamenya mpira wamiyendo mudzi wonse unkamuseka, zimenezi zimatigwetsa misozi ya chimwemwe.

Koma pali funso limene atolankhani anu salifunsa, ndipo ndi limene landigwiritsa cholembera lero. Mumatiuza amene wagoletsa, amene wathamanga, amene wavulala. Simutiuza amene wasainira ndalama ya ulendo, amene wasankha kochi, amene wagamula kuti chaka chino tikonza bwalo la anyamata, la atsikana lidikire kaye. Munthu ameneyo amakhala mu ofesi, sajambulidwa, ndipo m'sukulu zimene ndidaphunzitsamo komanso m'misonkhano ya masewero imene ndidakhalapo, pafupifupi nthawi zonse adali bambo. Pempho langa n'lakuti amayi achuluke pa mipando yoyendetsa masewero, makamaka pa mpando wa mkulu wa zamasewero m'sukulu zathu zaukachenjede, ndi kuti tilambule njira yoti mtsikana amene akusewera lero adzafike pampandopo.

Ena akamva zoti mkulu wa zamasewero amaganiza za munthu wa wezulo m'khosi, wothamangitsa ana m'bwalo. Ameneyo ndi kochi. Mkulu wa dipatimenti ntchito yake ndi ya patebulo. Amalemba bajeti ya chaka n'kukaimenyera nkhondo kwa akuluakulu a sukulu, kumene ikulimbirana ndalama ndi laibulale, mahositelo ndi malabu. Amalemba ntchito makochi, ndipo akalakwitsa amawachotsa. Amakonza kalendala kuti mpikisano usagundane ndi mayeso. Amapeza basi, amadziwa kumene ana akagone ndi amene akawasamale wina akathyoka mwendo. Amagogoda m'makampani kupempha thandizo, pambuyo pake n'kubweza malisiti onse bwinobwino kuti chaka chamawa adzamutsegulirenso. Amatsata mmene osewera akukhozera m'kalasi kuti mpira usawadyere digiri. Pa ntchito zonsezi sindikuonapo ngakhale imodzi imene mayi angailephere chifukwa choti ndi mayi.

Mwana wa mchemwali wanga, amene ali ku yunivesite, adandiwerengetsa pa foni yake mbiri ya mayi Carla Williams a ku America, ndipo chiwerengereni mbiriyo siichoka m'mutu mwanga. Mayiwa adasewera basiketibolo pa yunivesite ya Georgia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Atasiya kusewera sadasowe kolowera. Sukulu yomweyo idawatenga kukhala wothandiza kochi wa timu ya atsikana, ntchito imene adaigwira mpaka 1996. Kenaka adachoka pa benchi n'kulowa mu ofesi. Adagwirako ku Florida State, kumene adatenganso digiri ya udokotala pa kayendetsedwe ka masewero, adapita ku Vanderbilt, ndipo mu 2004 adabwerera ku Georgia, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala wachiwiri kwa mkulu wa dipatimenti yonse. Mu 2017 yunivesite ya Virginia idawasankha kukhala mkulu wa masewero onse, a anyamata ndi a atsikana omwe. Adali mayi woyamba wachikuda kupatsidwa udindowu pa sukulu za m'magulu asanu akuluakulu a masewero a mayunivesite a dzikolo. Pasanathe zaka ziwiri, mu 2019, timu ya anyamata ya basiketibolo ya Virginia idatenga chikho cha dziko lonse.

Chimene chidandigwira mtima si chikhocho ayi. Ndi zaka za pakatizo. Kuchokera pamene mayiwa adavula jezi kufika pamene adakhala pampando padadutsa zaka zoposa 25, ndipo pafupifupi m'zaka zonsezo adali pa ntchito ya masewero yolipidwa. Ku Georgia kokha adakhala zaka 13 m'zipinda zimene mumagawidwa ndalama, akuona mmene akuluakulu amakanirana ndi kugwirizana, akupatsidwa kagawo kakang'ono, kenaka kakakulu. Pamene Virginia inkafuna munthu, panalibe woti anene kuti mayiwa sadziwa ntchito. Ndipo nawonso adapeza ena atawalambulira. Mayi Judith Sweet adapatsidwa dipatimenti ya masewero a amuna ndi akazi pa yunivesite ya California ku San Diego kale mu 1975, ndipo mu 1991 adakhala mayi woyamba kutsogolera NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite kumeneko.

Musaganize kuti ndikutamanda America ngati kuti kumeneko zonse zidayenda myaa. Mbiri yawo ili ndi chenjezo limene ife tiyenera kulimva msanga. Mu 1972 adakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma. Sukulu zidakakamizika kuika ndalama m'masewero a atsikana, ndipo atsikana osewera adachuluka kwambiri. Koma lamuloli lisanabwere, pa matimu 100 alionse a atsikana a m'mayunivesite, oposa 90 ankaphunzitsidwa ndi amayi, ndipo madipatimenti a masewero a atsikana ankayendetsedwanso ndi amayi, poti kudalibe ndalama ndipo abambo sankakufuna. Ndalama zitabwera, madipatimenti a amuna ndi a akazi adawaphatikiza, wokhala pamwamba n'kukhala bambo. Patapita zaka, makochi aakazi a matimu a atsikana adatsika mpaka osakwana theka.

Nkhani imeneyi kwa ife a kuno ku Dedza si yachilendo. Mbatata ya kachewere ikakhala ya ndiwo, dimba limakhala la amayi. Ikayamba kulowa m'matumba kupita kumsewu wa Bembeke kapena ku Lizulu, dimba lomwelo limasanduka la bambo, ndipo amene adaweramira kupalira uja amangomva kuti yagulidwa motchipa. Mpira wa atsikana m'dziko muno wayamba kukopa makampani, ndipo ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Koma tikapanda kusamala, amayi amene adausunga nthawi imene udalibe ndi tambala yomwe adzapezeka ali kunja kwa mpanda.

Ndikuuzeni mmene tsiku la mpikisano wa zoni linkayendera pa sekondale ina yoyendera imene ndidaphunzitsapo, kumapiri kuno. Mwezi wa Juni, chifunga chitaphimba phiri lonse, atsikana ankafika dzuwa lisanatuluke, manja ali m'khwapa, atanyamula phulusa m'zitini kuchokera kwawo. Phulusalo ndilo tinkajambulira mizere ya bwalo la ntchemberembaye, ine ndikuyeza ndi chingwe, iwo akuthira pambuyo panga. Mapolo adali a bulugama, mphete zake za waya wokhuthala amene wokonza njinga pamsika adatipindira. Mpira udali umodzi, wophwa pang'ono, ndipo mabibu tidasoka tokha pa nsalu za mayunifolomu akale, zilembo zake tikulemba ndi penti yotsala pomwe ankapenta bolodi. Matimu a sukulu zina akatsika pa lole, aphunzitsi aamuna ankalowa mu ofesi ya ahedi kukachita maere. Ife amayi tinkauzidwa kuti tione za nsima ya ana ndi ya alendo. Ndiye ife tili kuseri kwa kalasi, utsi uli m'maso, tikuthyakula nsima m'mphika waukulu, mu ofesi muja zonse zikugawidwa: ayambe ndani, ayimbire ndani, ndalama ya masewero imene mwana aliyense ankalipira pamodzi ndi fizi ipite kuti. Potuluka ankangotiwerengera zimene agwirizana. Timu ya anyamata yapeza jezi zatsopano ndi mipira iwiri. Atsikana aone kaye chaka chamawa. Chonsecho atsikana omwewo ndi amene kawirikawiri ankabwera ndi chikho pasukulupo.

Tikakhala pa ulendo, pa pepala dzina langa linkalembedwa kuti matironi. Timu ndidaiphunzitsa ndine kuyambira temu yoyamba, koma kumsonkhano wa makochi kunkapita sipotsi masitala. Usiku ine ndinkagona ndi atsikana pansi m'kalasi, desiki titatsamiritsa kuchitseko poti chidalibe loko, anzanga atapita ku resitihausi. Sindikunena kuti abambo aja adali oipa mtima. Ambiri adali anzanga enieni, ndipo mmodzi wa iwo ndiye adandiphunzitsa malamulo a volebo moleza mtima. Adapeza zinthu zili choncho, ndipo padalibe chowakakamiza kuti azisinthe.

Za ine zidapita, ndakula. Chimene chimandiwawa ndi nkhani ya mtsikana wina amene ndidamuphunzitsa. Sindimutchula dzina poti ali pa ntchito mpaka lero. Ankasewera pa senta, wamfupi, wosalankhula kwambiri, koma ali fomu 2 anzake adamusankha okha kukhala kaputeni. Adali ndi kakope kamene ankayenda nako m'thumba la siketi. M'menemo ankalemba amene wabwera ku pulakatisi ndi amene wajomba, amene wasonkha ya sopo wochapira mabibu, zigoli za masewero alionse, ngakhalenso mbali imene shuta wa sukulu yakuti amakonda kuimira. Tsiku lina ndalama ya thiransipoti itakanika, iye adapita yekha kwa dalaivala wa lole yonyamula kabichi, n'kugwirizana naye kuti atikweze pobwerera kumsika, ife tingothira mafuta ochepa. Tsiku linanso makolo ena atakaniza mwana wawo kupita ku mpikisano wa boma lonse, adanditenga ine n'kukagwada pakhomo pa agogo a mwanayo, n'kuwafotokozera kumene tikagone, amene akatiyang'anire ndi nthawi imene tidzabwere, mpaka agogowo adalola. Mwana wa zaka zimenezo ankagwira kale ntchito yonse ya mkulu wa dipatimenti.

Adakhoza MSCE, adapita ku koleji ya aphunzitsi, kumeneko n'kukhala woimira ophunzira pa zamasewero, ndipo adabwerako ndi pepala la maphunziro a masewero olimbitsa thupi. Adamutumiza ku sukulu ina ya m'boma la Ntcheu. Patapita zaka, sipotsi masitala wa pasukulupo adasamutsidwa. Aliyense ankadziwa woyenera kulowa m'malo. Ahedi adapereka udindowo kwa mnyamata amene adali atangofika kumene, wosaphunzitsapo timu ina iliyonse. Iye atafunsa, adamuyankha mokoma ndithu kuti, mayi, ntchito imeneyi ili ndi maulendo ambiri, inu muli pabanja, tikukuchitirani chifundo. Maulendowo amapitabe onse, koma ngati matironi. Tidakumana pa maliro ena, ndipo atandifotokozera zimenezi adatulutsa kope m'chikwama kundionetsa. Amalembabe zonse. Mnyamata uja akafuna kulemba lipoti la temu amadzabwereka kope lomwelo.

Akonzi, mwana ameneyu akadapatsidwa udindo wa pasukulu uja, akadalowa m'komiti ya zoni, kenaka ya boma, mwina mpaka ku MASSA, bungwe loyang'anira masewero a m'sukulu m'dziko muno. Akadaitanidwa ku makosi, akadaphunzira kulemba bajeti ya ndalama zambiri, ndipo tsiku limene yunivesite ikadalengeza kuti ikufuna mkulu wa zamasewero, akadakhala ndi zolemba pa kalata yake yofunsira ntchito. Njirayo idatsekedwa pa khomo loyamba, ndi mawu achifundo. Ndiye akuluakulu akamati tidalengeza ntchito koma amayi sadafunsire, kapena amene adafunsira adalibe luso lokwanira, ine sinditsutsa kuti n'zoona. Ndimangofunsa kuti lusolo akadalitenga kuti. Kalata zoitanira anthu ku makosi a ukochi ndi a utsogoleri zimafikira kwa sipotsi masitala, ndipo iye amadzilemba yekha kapena mnzake. Makosiwo amachitikira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, sabata yathunthu, thiransipoti ya m'thumba mwako. Mayi wa ku Kasinje kapena ku Mayani amamva kosi itatha kale.

Palinso za kunyumba, ndipo sindizibisa. Alipo abambo amene salola akazi awo kuyenda ndi timu, ati kumpira kuli zibwenzi. Alipo amayi anzanga amene akasankhidwa pamsonkhano amakana okha, ati apatseni abambowa, ine ndingokhala msungichuma. Ndipo mwaona kuti usungichuma wokha ndiwo amatipatsa msanga? Amadziwa kuti ndalama ikakhala m'manja mwa mayi imafika. Amayi omwewa ndi amene akuyendetsa mabanki m'khonde m'midzi yonse ya Dedza ndi Ntcheu, kuwerengera chiwongoladzanja cha aliyense popanda kompyuta, ndi kukonza misonkhano ya Mvano ya anthu mazanamazana, chakudya ndi malo ogona zonse zili m'malo. Woti asunge ndalama timamukhulupirira. Tizimukhulupiriranso kuti anene kumene ndalamayo ipite.

Wina afunsa kuti kodi chisintha n'chiyani mayi akakhala pampandopo, bola ntchito igwirike. Ndiyankha ndi zimene ndidaona ndi maso. Atsikana ambiri aluso amasiya masewero akangotha msinkhu, ndipo zifukwa zake sizifika pa tebulo la bajeti chifukwa okhala patebulopo sadakumanepo nazo. Bwalo lili kutali ndi chimbudzi ndipo palibe madzi. Yunifolomu imene agula ndi ya kabudula woyera, mtsikana ali kumwezi amangonena kuti mutu ukundipweteka, kenaka osabweranso. M'bokosi la mankhwala muli bandeji ndi mankhwala opaka, mapadi mulibe. Zovala zam'kati zogwira pachifuwa pothamanga palibe amene adaziganizirapo, ndipo mtsikana sangapite kwa mphunzitsi wamwamuna kukazipempha. Chipinda chogona paulendo chilibe loko. Zinthu zimenezi n'zotchipa poyerekeza ndi jezi za timu ya anyamata, koma zimafuna munthu wozidziwa pa nthawi imene ndalama ikugawidwa.

Pali china chachikulu kuposa izi, chimene tonse a m'masewero timachidziwa koma timachinong'ona. Alipo makochi ndi akuluakulu ena amene amauza mtsikana kuti ukafuna kulowa m'timu yopita kunja undione kaye. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zoterezi. Koma mtsikana wa chaka choyamba pa yunivesite akadandaule kwa yani, ngati kochi, wachiwiri wake, mkulu wa dipatimenti ndi wapampando wa komiti onse ndi abambo odyera pamodzi? Sindikuti mayi aliyense ndi mngelo, kapena bambo aliyense ndi chilombo. Ndikuti mwana amatsegula pakamwa msanga akaona kuti pamwamba pali munthu amene angamumvetse ndipo ali ndi mphamvu yochotsa wolakwayo. Matironi amamva madandaulo ambiri, koma alibe mphamvu yochotsa munthu ntchito.

Komanso ndisamveke ngati ndikupempha kuti amayi apatsidwe masewero a atsikana okha, abambo atsale ndi mpira wa anyamata ndi ndalama zake. Kumeneko n'kubwerera ku umatironi womwewo, kungousintha dzina. Mayi Williams akuyang'anira ndi matimu a anyamata omwe. Kwathu konkuno tili ndi mayi Bernadettar Kwimbira, amene adagwira mbendera ngati wothandiza woyimbira pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa amayi mu 2015 ndi mu 2019, ndipo mu Januwale 2021 ku Cameroon adali m'gulu la amayi atatu amene adayimbira masewero a amuna a CHAN, mpikisano wa mpira wa maiko a mu Africa. Mayi Fatma Samoura a ku Senegal adakhala mlembi wamkulu wa FIFA kuyambira 2016 mpaka 2023. Mu Malichi 2025 mayi Kirsty Coventry a ku Zimbabwe, oyandikana nafe, adasankhidwa kutsogolera komiti ya Olimpiki ya dziko lonse, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa mpandowo. Yunivesite ya MUST idapatsidwa m'manja mwa Pulofesa Address Malata. Ndipo ife a ku Dedza sitifunika kuuzidwa ndi alendo. Inkosi Theresa Kachindamoto adachoka pa ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba n'kudzalowa ufumu, ndipo adathetsa maukwati a ana mazanamazana, mafumu aamuna akuwamvera. Ngati mayi angaweruze mafumu, angalephere kuyendetsa mabwalo atatu ndi basi imodzi?

Tsono ndilankhule ndi akuluakulu a sukulu zaukachenjede. Chigawidwireni yunivesite ya Malawi mu 2021, tili ndi mayunivesite a boma asanu ndi imodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Lilongwe, Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Onsewa ali ndi ophunzira osewera amene amakumana m'mipikisano ya TESSAM, bungwe la masewero a ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, ndipo ku MUST kukuphunzitsidwa digiri ya sayansi ya masewero. Ndiye kuti mipando ilipo, ndipo atsikana ophunzira bwino za masewero akutuluka. Lamulo la 2013 lija limanenanso kuti polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndipo asapitirire 60. Mayunivesite amenewa amayendera misonkho yathu, choncho cholinga cha lamuloli chisalambalale ofesi ya zamasewero. Mpando ukakhala wopanda munthu, ulengezedwe poyera m'nyuzipepala, osati kungouza mnzanu wa mu ofesi yoyandikana kuti agwirizire mpaka kalekale. Pa gulu lofunsa mafunso pakhale amayi. Ndipo musamangofuna munthu amene adakhalapo kale mkulu kwina, poti pamenepo mwatseka kale onse amene adakanizidwa pa khomo loyamba lija. Funsaninso zimene munthu adachita ndi manja ake: matimu amene adawaumba, maulendo amene adawakonza, ndalama zimene adazipeza ndi kuziwerengera.

Chimene ndikuchifunitsitsa kuposa zonse ndi timaudindo tating'onoting'ono ta pansi. Chaka chilichonse pa yunivesite pamatuluka kaputeni wa ntchemberembaye, wa basiketibolo kapena wa liwiro, wonga mwana wanga wa kakope uja. Mugwireni asanapite. Mupatseni chaka chimodzi kapena ziwiri mu ofesi ya zamasewero ngati wothandiza, ndi kamalipiro koti agulire sopo, ndipo pokonza bajeti akhale nawo m'chipindamo, osati kukatenga tiyi. Akaonetsa luso mutumizeni akaonjezere maphunziro. Umu ndi mmene mayi Williams adayambira. Tsegulaninso khomo kwa akatswiri athu akale. Mayi Mary Waya adasewerera ma Queens zaka zambirimbiri n'kudzawaphunzitsanso. Mayi Catherine Chikwakwa adabweretsa mendulo ya siliva ya mtunda wa mamita 5000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004. Pambuyo pa maina odziwikawa pali amayi ambiri amene adavalapo jezi ya dziko lino ndipo akudziwa masewero kuposa buku lililonse, koma alibe digiri chifukwa pa nthawi imene anzawo ankawerenga iwo adali kukampu. Mayunivesite akonze makosi aafupi a kayendetsedwe ka masewero oti anthu otere alowe, ndipo ena mwa makosiwo abwere nawo m'maboma pa holide, pa TDC, malo aja ochitira maphunziro a aphunzitsi a m'zoni, kumene mphunzitsi wa ku Tsangano kapena ku Golomoti angafike pa kabaza n'kubwerera kwawo madzulo.

Kwa ahedi anzanga a m'sukulu za Dedza ndi Ntcheu, nkhaniyi imayambira pa tebulo lanu. Inu ndi amene mumasankha wosunga kiyi wa sitolo ya mipira. Mukamasankha, yang'anani amene amatsala ndi ana pabwalo belu likalira, ndipo musamuganizire mayi za banja lake iye asanakuuzeni. Mufunseni. Akakana yekha, ndi zake. Pa tsiku la mpikisano, nsima ikhoza kuphikidwa ndi makolo a komiti ya sukulu kapena amayi a gulu losamalira atsikana, mphunzitsi wa timu n'kukhala mu ofesi pamene maere akuchitika. Ndipo kalata ya kosi ikabwera, iwerengedwe mu sitafu rumu onse akumva.

Kwa inu Akonzi, ndili ndi pempho limene simufunika chilolezo cha wina aliyense kuti mulichite. Tumizani mtolankhani wanu ku mayunivesite asanu ndi imodzi aja, ndi ku makoleji a aphunzitsi ngati mungathe. Akafunse kuti woyendetsa masewero pamenepo ndani ndipo adafikapo bwanji, makochi aakazi alipo angati, ndipo pa ndalama ya masewero ya chaka chatha, yopita ku matimu a atsikana idali ingati. Kumene akapeze mayi ali pampando, mulembe mbiri yake yonse pa tsamba lathunthu, kuyambira sukulu ya pulaimale imene adayambira kusewera, kuti atsikana a kuno aione njirayo ndi maso. Mayankho enawo muwasindikize monga mmene aperekedwera, sukulu ndi sukulu, ndipo chaka chamawa mudzafunsenso.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Dedza